Indekisi ya Malemu Mateyu

Izi si zopeka ayi. Zinachitika mu ofesi ya bungwe lina la alimi ku Chipata, ndipo amayi Dolika, amene amasesa m'menemo, anaziona ndi maso awo.

Mateyu atamwalira pa ngozi ya njinga yamoto panjira ya ku Chipangali, ntchito yake yoyang'anira seva, kompyuta yaikulu ya bungwelo, inapita kwa mng'ono wake Limbani, yemwe anasiyira koleji panjira. M'sevamo munali mayina a alimi ndi antchito onse a bungwelo. A Phiri okha analipo zikwi. Choncho Mateyu anapanga indekisi, mndandanda wothandiza seva kupeza munthu msanga, wosanja anthu potengera mudzi wawo ndi dzina la mayi awo. Alimi atachuluka, inayamba kuchedwa. Ukasaka dzina, tiyi ankazizira ukudikira.

"Akanakhala a Mateyu bwenzi zitatheka kale," ankatero akalaliki, mzere wa alimi utafika panja.

Limbani ankamulira mkulu wake, zoona. Koma mawu amenewo ankamudya. Ngakhale pamaliro anthu ankangomuloza kuti, "Uyo mng'ono wa Mateyu." Abwana anamupatsa mpaka Lachisanu kuti akonze vutolo. Zikakanika, aitana munthu wa ku Lusaka.

Lachinayi, anzake atangoweruka, anafufuta indekisi ya mkulu wake n'kupanga yake. Kenako anafika pa akaunti yomwe Mateyu ankalowera m'sevamo.

"Mwana wanga, maliro simunamete kumudzi," anatero amayi Dolika atatsamira tsache. "Za malemu sagwira."

"Ndi makina chabe awa, amayi."

Anafufuta.

Anayesa kusaka. Phiri: mayina anabwera asanachotse chala. Banda: chimodzimodzi. Anaseka, koyamba chimwalirire Mateyu.

Kenako fungo. Nsawa zokazinga, zomwe Mateyu ankakonda kutafuna pa desiki pomwepo. Fani ya seva inakhala chete, nyali zake zikuphethirabe. Mpando wa pakona unalira ngati wina wakhalapo.

"Mwamva?" ananong'ona Limbani.

"Zimitsa, tizipita."

Sanazimitse. Anatsegula kuti aone indekisi yake. Munalibe. Munali ya Mateyu, mudzi ndi mayi, yosanjidwa mwatsopano. Woikonza: Mateyu. Nthawi: mphindi ziwiri zapitazo.

Analemba dzina lake posakira. Limbani Tembo.

Palibe.

Analembanso. Palibe.

Analemba "Mateyu". Anabwera anthu awiri. Woyamba anali malemuyo. Wachiwiri anali ndi chithunzi cha Limbani, mudzi wake, nambala yake ya foni. Pamalo pa dzina panalembedwa kuti: Mng'ono wa Mateyu.

M'mawa mwake mzere unatha naini koloko isanakwane. Abwana anamugwira chanza. "Ntchito ndi yako. Wagwira ngati mkulu wako yemwe."

Maliro anameta mwezi womwewo. Limbani akadali pantchito. Amayi Dolika akuti tsiku lililonse asanaweruke Limbani amalembamo dzina lake. Kukacha amapeza labwerera lija la "Mng'ono wa Mateyu", ndipo iwo amasesa makoko a nsawa pansi pa desiki.