Basi Yotola Otsalira

Nkhaniyi anandiuza ndi dalaivala wina amene ndinakhala naye benchi limodzi padepoti, tikudikira kuti mvula ikate. Pa tsiku la mpikisano wothamanga mtunda wautali, iye amayendetsa basi yobwera pambuyo pa onse. Lamulo lake ndi limodzi: basi ikakupitirira, zako zathera pomwepo. Umakwera, n'kupereka nambala ya pachifuwa.

Panali mtsikana wa kusekondale amene anzake ankamutcha Kamphepo, poti pabwalo la sukulu panalibe womupitirira. Mayi ake ankasita zovala kumalo ochapira, tsiku lonse chiimirire. Dokotala atawauza kuti thupi likufuna kulimbitsa, nawonso anayamba kuthamanga. Anatenga nsapato zakale za mwana wawo n'kuziboola kutsogolo kuti chala chachikulu chizipuma. Ankathamanga mopendama, phazi lililonse likumveka, mwakuti anyamata a kusukulu anawapatsa dzina loti Ngolo. Pa mpikisano wa chaka chapitacho basi inawatola, ndipo analumbira kuti ulendo uno akafika pamzere womalizira ndi miyendo yawo.

"Amayi, chonde, tikafika kumeneko musandiitane pagulu," anatero Kamphepo m'mawa wa tsikulo, akumanga zingwe za nsapato zake zatsopano.

"Ndikuitane ndi mpweya uti?" anayankha mayiwo, akupaka mafuta m'zidendene. "Wonse uli ndi ntchito."

Wenzulo italira, Kamphepo anaiwala zimene aphunzitsi ake anamuuza, zoti mtunda wautali umayambidwa mofatsa. Anauluka. Asanafike pakati, chilaso chinamugwira m'nthiti. Mtsikana wa sukulu ina anamupitirira, kenako winanso, kenako bambo waimvi wa mimba yake ndithu. Mtima unamuwawa kuposa nthitizo.

"Ngati sindikhala woyamba, ndivutikirenji?" anadziuza. Anapatuka n'kukakhala kuseri kwa chikwangwani chotsatsa malonda, kudikira basi.

Anthu anadutsa mpaka msewu unayera. Ndiye kunatulukira munthu mmodzi, akupendama, basi ili pamsana pake penipeni. Kamphepo anabisa nkhope. Mayi ake anadutsa maso ali pa phula, osamuona.

"Nambala," anatero dalaivala chitseko chitatseguka. Kamphepo anamasula mapini, napereka nambalayo n'kukwera. M'basimo munkanunkha thukuta ndi nsapato zovula. Pampando wa kutsogolo panali mnyamata wa kalasi yake, mwendo atausanjika pa kreti ya madzi.

"Adalaivala, imbani hutala, Ngolo ipatuke!" anakuwa mnyamatayo, ena n'kuseka. Kenako anatembenuka. "Kamphepo, si mayi ako aja?"

Kamphepo anayang'ana pazenera ngati sanamve.

Dalaivala anatulutsa mutu. "Mayi, kwerani! Mpando wanu wa chaka chatha ulipo, ndaupukuta."

"Khalanipo nokha, achimwene," anayankha mayiwo osacheuka.

"Nthawi yatha. Ndikupitirirani."

"Pitirirani, msewu ndi waukulu. Koma nambalayi mukaipeza pamzere, osati pano."

Patsogolo panali chitunda. Ali pagalasi, Kamphepo anaona zimene sanaziyang'anepo kunyumba: akakolo otupa ndi kuimirira, sokosi yofiira pamene chala chinatulukira, botolo lopanda kanthu likugunda m'chiuno. Pakati pa chitundacho mayiwo anasiya kuthamanga. Anayamba kuyenda, manja akukankha mawondo, komabe osapatuka. M'basi anayamba kuwomba m'manja mwachipongwe, akutsatira mapazi awo.

Kamphepo anaimirira. "Tsegulani chitseko."

"Wokwera satsika, mwanawe," anatero dalaivala. "Nambala wapereka kale. Ngakhale ukafike, sakulemba."

"Ndani wati ndikufuna kulembedwa? Ajawo ndi mayi anga." Anayang'ana mnyamata uja m'maso. "Wamva? Mayi anga. Chotsa mwendowo."

Mwendo unachoka wokha. Kamphepo anasolola botolo la madzi m'kreti, chitseko n'kutseguka.

Mayiwo anamva mapazi pambali pawo. "Iwe! Wachokera kuti? Paja unati ndisakuitane."

"Simunandiitane. Imwani."

Anamwa, ena n'kuthira m'khosi. "Unali m'basimo?"

"Eya."

"Ndiye mpando wanga uja wautenthetsa ndiwe?" Anafuna kuseka koma mpweya unakana.

"Musalankhule, amayi. Fupikitsani mapazi, musayang'ane pamwamba pa chitunda. Yang'anani mtengo wa magetsi uwo. Tikafika, tisankha wina."

"Nanga basi?"

"Basi ndi yanga."

Kamphepo anabwerera m'mbuyo n'kumayenda pakati pa mayi ake ndi bampala ya basi. Dalaivala akakhotera kumanja, iye ali kumanja. Akabwerera kumanzere, iye ali komweko. Hutala inalira.

"Mukafuna kuwapitirira, muyambe mwaponda ine!" anakuwa osatembenuka. Chilaso chinali chikadalipo, koma tsopano analibe nacho nthawi.

Mtengo ndi mtengo, chitunda chinatha. Potsetsereka mayiwo anayambanso kuthamanga, mopendama momwe muja. Atafika, anapeza anthu akupinda kale matebulo, wina ali pamakwerero kumasula nsalu ya pamzere. Munthuyo ataona nambala pachifuwa cha mayiwo ndi basi ikadali kumbuyo, anatsika n'kuyamba kuwomba m'manja. Mayiwo anaponda mzere ndi nsapato yoboola ija. Kamphepo anaima asanaufike, nazungulira m'mbali mwa zingwe, poti iye analibe nambala.

Mendulo itakolekedwa m'khosi, mayiwo anakhala pansi n'kutambasula miyendo. "Chaka chamawa," anatero, "ukakwera basi ija, usabwere kwanga."

"Chaka chamawa mudzandipeza pamzere, ndikukudikirani."

"Tidzaona wodikira mnzake."

Mnyamata uja anatsika m'basi mwakachetechete, nsapato zili m'manja, n'kudzera njira ya kuseri.

Ndinamufunsa dalaivalayo kuti bwanji sanawapitirire mayiwo kale, mtsikanayo asanatsike, poti nthawi inali itatha. Anati pachitundapo giya inkakana kulowa. Zina zonse ndazivomera monga anandiuzira, koma izi zokha sindikuzikhulupirira. Basiyo ndinaiona ndi maso anga padepoti, yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki. Ndipo ponena za giyayo, bamboyo ankayang'ana mvula, osati ine.