Bambo wa Chitseko m'Kanema Wachiwiri

Kapepala koyamba anakapeza Lachisanu, tsiku lomwe kanema wachiwiri uja anayamba kuonetsedwa.

Mayi amene anakapezayo ankagwira ntchito pakhomo la nyumba yoonetsera kanema. Ankang'amba matikiti anthu akamalowa, kuunikira ochedwa ndi tochi, ndipo kanema akatha ankaima ndi bokosi loti anthu aziponyamo timapepala ta maganizo awo. Eni kanema ndiwo anatumiza timapepalato. Ankafuna kudziwa ngati wachiwiriyu anakoma ngati woyamba, uja wa banja la ana asanu ndi awiri lokhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri, amene anaseketsa anthu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Holo ikatsekedwa, mayiyu ankakhala pa sitepe pansi pa babu limodzi lomwe linkasiyidwa loyaka, n'kumasanja timapepalato, okondwa uku, odandaula uku, kuti abwana adzawerenge m'mawa.

Ambiri analemba zofanana. Wina anati anaseka mpaka nthiti kuwawa pamene apongozi awiri aja anadzitsekera m'bafa. Wina anati ana a m'kanemamo akula, sakukomanso ngati kale. Mayi wina anadandaula kuti nyimbo zachuluka, moti amuna ake analiza mkonono mpaka mzere wonse kucheuka. Kenaka panatuluka kapepala kolembedwa ndi pensulo, zilembo zake zopendekera: "Zikomo potibwezera Bambo wa Chitseko. Koma aonda."

Anakawerenga katatu.

Bambo wa Chitseko anali amuna ake. Anali kalipentala, ndipo opanga kanema woyamba anawalemba ntchito yokhoma zitseko ndi mawindo a kanyumba kaja basi. Tsiku lina wosewera wina sanabwere, ndiye anawauza kuti angodutsa pabwalo atasenza chitseko. Anapunthwa pa ndowa, n'kugwa chagada, chitseko n'kuwaphimba. Mmalo modzuka, anagogoda ali pansi pomwepo n'kunena kuti, "Odi!" Opanga kanemawo sanachotse malo amenewo, ndipo dziko linaseka. Kuyambira pamenepo ana ankawathamangira mumsewu akukuwa odi, iwo n'kumayankha mosangalala kuti lowani.

Amene sanaseke anali mkazi wawo yekha. Masabata atatu onse amene kanema woyamba anaonetsedwa, iye ankafulatira chinsalu malo amenewo akafika. Madzulo ena amuna akewo anabwera atavala malaya ositidwa, nagula matikiti awiri, n'kumupempha kuti akhale nawo limodzi tsiku limodzi lokha. Iye anawang'ambira tikiti imodzi, n'kuwauza kuti sanakwatiwe ndi munthu woti tauni yonse izimuseka. Iwo anakakhala okha kumapeto kwa mzere wachisanu ndi chimodzi. Patatha zaka ziwiri chifuwa chinawatenga, kanema wachiwiri asanaganiziridwe n'komwe.

Usiku womwewo mayiyu anakwera masitepe opapatiza kupita m'kachipinda ka makina. Woonetsa kanema anali mlamu wake, mng'ono wa malemuyo, bambo wosalankhulalankhula amene imvi zinamuyamba msanga. Anawerenga kapepalako, nakabweza osamuyang'ana kumaso. Anati anthu amasokoneza zinthu, mwina wolembayo anakumbuka kanema wakale. Mayiyu anavomera, koma kapepalako sanakaike pa mulu uliwonse. Anakapinda n'kukalowetsa m'thumba la diresi.

Loweruka timapepala totero tinali titatu. Lolemba tinali khumi ndi kamodzi, ndipo zilembo zake sizinafanane, olemba ena anali ana, ena achikulire. Onse ankatchula malo amodzi, pamene banja lonse likuthamangitsa galu wothawa ndi nsapato ya mkwati. Ankati kumbuyo kwa chipwirikiticho kuli chitseko chotsamira khoma, ndipo pambali pake paima Bambo wa Chitseko. Wina anafunsa kuti bwanji sakugwanso, chikhalirecho anthu adikira. Wina analemba kuti bamboyo sakuyang'ana galu ngati anzake, akuyang'ana m'holo, mzere ndi mzere, ngati wataya munthu.

Nkhani inawanda. Pamzere wa matikiti anthu ankanong'onezana. Ena ankati n'zamakompyuta, atenga zithunzi zakale n'kuzimata. Ena ankati makompyuta saondetsa munthu. Gogo wina anati womwalira ali ndi mawu kukhosi sapita kutali. Akafika pakhomo n'kuona amene akung'amba matikiti, onse ankatseka pakamwa, maso pansi. Abwana okha ndiwo anali ndi chimwemwe, popeza holo inkadzaza mpaka ena kubwerera.

Mayiyu anayamba kuchita zimene anakana kale. Malo aja akamayandikira ankazimitsa tochi n'kutembenukira ku chinsalu. Galu ankatuluka ndi nsapato kukamwa, anthu n'kuphulika ndi phwete, kenaka kusekako kunkazilala pang'onopang'ono ngati moto wothiridwa mchenga, mpaka holo yonse ziii, kungomveka nyimbo ya m'kanemamo ikudumphadumpha yokha. Iye ankatong'ola maso mpaka misozi. Chitseko ankachiona bwinobwino, chobiriwira, chotsamira khoma. Pambali pake panali khoma lokhalokha.

Lachitatu anthu onse atatuluka anapempha mlamu wake kuti amuonetse kanemayo ali yekha. Mlamuyo anayamba wakana, akuti kwada, koma ataona nkhope yake anakwera kukayatsa makina.

Holo yopanda anthu ili ndi mdima wake. Unali wokhuthala, wonunkha fumbi la makapeti ndi thukuta la anthu omwe apita. Malata ankalira apa ndi apo pozizira. Kuseri kwa khoma mpope wina unkadontha, dontho limodzi, kudikira, lina. Kuwala kutatuluka pa kawindo kam'mwamba, fumbi linayamba kusambira mmenemo, ndipo anthu a pachinsalu anayamba kukuwa ndi kugwa popanda wowaseka. Mayiyu anakhala chilili pakati pa mipando kwa ola lathunthu. Galu atatuluka, mlamu wake anaimitsa chithunzi. Anayandikira mpaka kutsala pang'ono kukhudza chinsalu, nayang'ana khoma lija kuchokera pansi mpaka pamwamba. Panalibe ngakhale mthunzi.

Anamva mapazi a mlamu wake akutsika, kenaka kuima kumbuyo kwake.

"Alamu, mundiuze zoona," anatero motsitsa mawu. "Inu mumawaona?"

Mpope unadontha kawiri bamboyo asanayankhe.

"Kuyambira Lachisanu. Tsiku lililonse."

"Nanga panopa?"

"Panopa palibe. Achimwene sankakonda holo yopanda anthu, mukudziwa inu."

Mayiyu anakhala pansi pa kapeti. Mantha analipo, koma chimene chinamupweteka kwambiri chinali china. Tauni yonse, ngakhale ana obadwa dzulo, inkaona nkhope imene iye anali atayamba kuiiwala mphuno ndi masaya ake, ndipo iye yekha ndiye ankamanidwa. Anafunsa ngati aondadi. Mlamuyo anati aonda ngati mmene analili mwezi wotsiriza, koma avala malaya ositidwa. Anawonjeza kuti mawa ndi tsiku lomaliza, Lachisanu galimoto idzabwera kudzatenga kanemayo kupita naye kutauni ina.

Lachinayi anapempha mayi wogulitsa zakumwa kuti amuimirire pakhomo. Anagula tikiti ngati wina aliyense, nalowa, nakhala mumzere wachisanu ndi chimodzi, kusiya mpando wakumapeto wopanda munthu. Mipando ya m'holomo inali yodzipinda yokha munthu akanyamuka. Mnyamata wina atafuna kukhala pa wakumapetowo, anamuuza kuti pali munthu.

Magetsi anazima. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonse za ntchito yake anaonera kanema atakhala pansi, mapewa a anthu akumukhudza. Sanamve nthabwala ndi imodzi yomwe. Galu anatuluka ndi nsapato, anthu anaseka mwachidule ngati ongokwaniritsa mwambo, n'kukhala chete kudikira.

"Lero palibe," ananong'ona mayi wina kutsogolo.

Kung'ung'udza kunayamba, kenaka kunaduka. Amene anali mumzere woyamba anatembenuza mitu kuyang'ana kanjira kapakati. Wachiwiri nawo anatero. Mitu inkatembenuka mzere ndi mzere, mosafulumira, ngati udzu umene mukudutsa chinthu. Iye sanaone kalikonse m'kanjirako. Anangomva kapeti ikulira pansi pa mapazi olemera, phazi limodzi likukhwekhwereza pang'ono, ndi kupuma kwa munthu wa chifuwa chothina amene wakwera chitunda.

Mpando wa pambali pake unatsika. Unalira kwiii, n'kukhazikika ngati walemedwa.

Fungo la utuchi ndi guluu linamuzinga, lomwe lija linkatsalira pa pilo. Mkono wake wakumanzere unamva kuzizira ngati wayandikira mtsuko wa madzi. Sanacheuke. Ankadziwa kuti akacheuka aona mpando wopanda munthu, ndipo zimenezo sakanazipirira. Anayang'ana kutsogolo.

"Akuti mwaonda," ananong'ona.

Kupuma kuja kunapitirira.

"Amunanga, ine ndinkachita manyazi ndi anthu. Sindinkachita manyazi ndi inu."

Pachinsalu banja lija linali litagwira galu, koma nsapato inali itasanduka nsanza, ndipo mkwati anayenda kupita ku ukwati wake phazi limodzi atavala jombo la agogo ake. M'holo monse palibe anaseka. Koma pambali pake panamveka kaphokoso kakang'ono kotulukira m'mphuno, kotsatana ndi kachifuwa, mmene amuna ake ankasekera akafuna kudziletsa. Mayiyu anadzimva akuseka nayenso. Anaseka yekha m'holo ya anthu mazana awiri, misozi ikutsikira m'khosi, ndipo anaseka nthabwala iliyonse yotsatira mpaka kanema anatha.

Magetsi atayaka mpando uja unadzipinda, phaa. Apo m'pamene anaona kuti anthu a mumzere wake ndi a mizere yoyandikana anali atasamuka kalekale, ataunjikana m'mbali mwa makoma, ana atabisa nkhope m'zovala za amayi awo. Anatuluka mwakachetechete, akumulambalala. Usiku umenewo m'bokosi munali timapepala tosalembedwa kanthu, kupatula kamodzi ka mwana, kakuti kanema wachiwiri ndi wabwino koma asamazimitse magetsi onse.

M'mawa mwake galimoto inatenga kanemayo. Kunabwera wina wa nkhondo, wa mfuti ndi magalimoto ogubuduzika. Mayiyu anabwerera pakhomo ndi tochi yake. Holo ikatsekedwa ankapita kukakhala mumzere uja, n'kumalankhula motsitsa za denga lomwe layamba kudontha ndi za mwana wawo wamkazi amene ali ndi pakati kutali komwe anakwatiwa. Mpando sunatsikenso. Anayesa kuutsitsa ndi dzanja, koma ankati akausiya unkadzipinda. Chakudya chinasiya kulowa, ndipo mayi wa zakumwa anayamba kumufunsa ngati wapita kuchipatala.

Patatha masabata awiri dalaivala wa galimoto ija anabweranso ndi kanema wina. Anali munthu wolongolola, wachilendo m'tauniyo, ndipo sankadziwa kuti mayi wa pakhomoyo ndi ndani. Ali chiimire pakhonde kudikira mlamu uja asaine, anayamba kusimba kuti kanema wa banja uja wavuta kumene anamusiya. Anati kumenekonso anthu akulemba za Bambo wa Chitseko, ndipo iye mwini analowa dzana kuti adzionere. Mlamuyo anamuponda phazi, koma dalaivalayo anangosuntha mwendo n'kupitiriza. Anati chodabwitsa n'choti chitsekocho sichikutsamiranso khoma monga ankanenera anthu a kuno. Chaima chokha pakati pa bwalo, bamboyo wachitsegula n'kuchigwira ndi dzanja limodzi, ndipo kuseri kwake sikuoneka khoma, kukuoneka mdima. Bamboyo sakuyang'ananso mizere. Maso ake ali pakhomo la holo, ngati munthu wodikira mnzake amene wachedwa.

Mayiyu anafunsa kuti kanemayo atha liti kumeneko. Dalaivala anati mawa lomweli, ndipo iye akubwerera komweko tsopano lino, ndi ulendo wa maola asanu.

Mlamu wake anamukokera pambali.

"Alamu, musapite. Chitseko chimenecho sindikudziwa chikulowera kuti. Ganizirani mdzukulu akubwerayu."

"Inenso sindikudziwa," anayankha. "Mwina ndikangoima pakhomo n'kuwaona nkhope. Kamodzi kokha."

"Nanga akakuitanani?"

Mayiyu anamupatsa tochi, namuuza kuti batire lake latsala pang'ono kutha, asaiwale kugula lina. Anakatenga juzi yake kuseri kwa kauntala, n'kupempha dalaivala malo.

Atatuluka m'tauni, nyumba zitayamba kutalikirana ndipo dzuwa likupendeka, dalaivalayo anatsitsa wailesi n'kufunsa ngati kumene akupitako ali ndi abale oti akawalandire.

"Amuna anga ali komweko," anatero mayiyo, maso ali pamsewu. "Thamangani pang'ono, bambo. Ndinawadikiritsa kale kokwanira."