Moto Pakhomo pa Mwetulirani

Maluwa a pamanda a Mwetulirani anali asanafote n'komwe pamene mkulu wake anamenya chibakera patebulo n'kuitanitsa makiyi a studiyo. Makapu anadumpha, tiyi n'kukhuthukira pansalu yoyera. Mkazi wamasiye anakhala manja ali pamiyendo, maso atatupa ndi kulira.

"Alamu, tamwani kaye tiyi. Za makiyi tikambirana mitima ikakhala pansi."

"Mtima wa ndani? Wanga uli pansi kalekale. Iwe unabwera pano ndi kachikwama kamodzi, ndipo mng'ono wanga sunamuberekere mwana ngakhale mmodzi. Ndiye ukudikira chiyani? Bweretsa makiyi!"

Mawu amenewo anamubaya mayiyo pachilonda chenicheni. Sikuti kanali koyamba kuwamva, ayi. Koma kale akawamva ankangotembenukira kwa mwamuna wake, yemwe ankayankha achibale akewo ndi kaphwete mpaka iwo eni kuchita manyazi. Tsiku limenelo anatembenuka mwachizolowezi, n'kupeza mpando uli wokha.

Mwetulirani silinali dzina lobadwa nalo. Bamboyo ndiye anali wojambula zithunzi yekhayo m'katauni kaja ka msewu umodzi wa phula, ndipo mawu amene ankakhalira kunena atabisa nkhope kuseri kwa kamera ndi omwe anamukakamira mpaka kumanda. Studiyo yake inali chipinda chakutsogolo kwa nyumba yawo yomweyo, chokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu. Munthu wa m'tauni akamwalira, Mwetulirani ankatsitsa makatoni pashelefu n'kufufuza mpaka atapeza chithunzi chimene anamujambula malemuyo ali ndi banja lake. Ankachikulitsa, kuchiika m'felemu, n'kuchiimika pazenera. Chikakhalitsa chinkabwerera m'katoni, pamodzi ndi filimu yake yotsukirako china chikafunika. Zithunzi za m'nyumba za anthu zinkadyedwa ndi chiswe, zina kunyowa ndi mvula, zina kusowa posamuka, koma za m'makatoni amenewa zinalipo zonse. Wopukuta fumbi ndi wosanja anali mkazi wakeyu, moti katoni iliyonse ankaidziwa ngati mwana wobereka yekha.

Nthawi imeneyo pazenera panali anthu atatu. Panali wokonza njinga, uja lole inamuwomba pamphambano, atakhala pabenchi ana ake atamuunjirira, manja atawabisa kumbuyo chifukwa mkazi wake anamukalipira kuti akuda ndi girisi. Panali mphunzitsi wopuma amene anapita ndi matenda a shuga, tayi yake itakhota monga mwa masiku onse. Theka la tauni linalawa chikwapu chake, koma anthu omwewo ndi amene ankavula zipewa akafika pazenerapo, n'kumasimbirana mmene ankawakokera makutu. Ndiye panali mwana wamkazi wa wogulitsa nyama, amene anamwalira pobereka, khanda n'kutsala. Pachithunzipo anali mu diresi ya ukwati, akuseka mpaka usinini kuoneka, atakolowekera dzanja m'khosi mwa bambo ake. M'mawa uliwonse wogulitsa nyamayo ankaima pamenepo n'kumuyang'ana mwana wakeyo, kenako n'kupitiriza ulendo wa kumsika.

Chithunzi cha Mwetulirani mwini wake ndicho panalibe. Mayiyo anagudubuza makatoni onse, koma munthu amene anajambula tauni yonse anali asanaimepo kutsogolo kwa kamera.

Tsono mlamuyu zonsezi analibe nazo ntchito. Anali dalaivala wa malole a maulendo ataliatali, wa mimba yotsogola ndi mawu ngati injini, amene kwawo ankangobwera pakagwa zovuta, nthawi zambiri mochedwa. Chipinda choyang'ana kumsewucho anachiona ndi diso lina: ankafuna kutsegulamo bala ya mowa.

"Makiyi sindipereka," anatero mayiyo. "Nyumba tikhoza kukambirana. Koma za m'chipinda chija si zanga, si zanunso. Ndi za anthu."

"Ukundiyankha? Iweyo?"

Bamboyo anadzuka, mpando n'kugwa chagada. Anamugwira dzanja n'kulipotokola mpaka mayiyo kugwada pansi akukuwa. Anapisa m'thumba la diresi yake, thumba n'kung'ambika, makiyi gobede pasimenti. Anawatola, n'kumukankhira kukhoma ndi bondo ngati akukankha thumba la makala.

"Zinyalala za anthu akufa m'nyumba ya kwathu? N'chifukwa chake mng'ono wanga wafa msanga. Lero lomwe zichoka, iwe n'kutsatira!"

Chitseko cha studiyo chinatsegulidwa ndi phazi, makiyi ali m'manja. Nkhanza zake zinali choncho. Ananyamula katoni yoyamba imene inali pashelefu yapamwamba, yomangidwa ndi riboni yobiriwira, n'kutuluka nayo kumsewu. Mayiyo ataiona mtima wake unalumpha. Anadzuka n'kumuthamangira, n'kumugwira malaya.

"Alamu, imeneyo ayi! Chonde, ndimvereni kaye, m'menemo muli…"

Mbama inamutsekera pakamwa. Inalira phaa, mpaka amayi ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anatembenuka. Mlomo unang'ambika, magazi n'kuyenderera pachibwano. Asanadzuke, bamboyo anali atakhuthula katoni ija pakati pa bwalo, atathira dizilo wa m'chigubu cha mulole yake, n'kukhwatcha machesi. Moto unabuka, utsi wakuda wonunkha n'kukwera. Mafilimu amayaka msanga, abale inu, sachedwa.

Bamboyo anabwerera m'kati, natuluka ndi katoni yachiwiri, kenako yachitatu. Mayiyo anadzigwetsa pakhomo n'kutambasula manja kuti atseke njira, koma bamboyo anamukoka tsitsi n'kumukhwekhwereza pamasitepe, mawondo n'kusupuka.

"Mundiphe ine, alamu, koma anthuwa asiyeni! Anakulakwirani chiyani?"

"Anthu ake ati? Mapepalawa? Choka apa, chumba iwe!"

Anthu anali atayamba kusonkhana, koma mukudziwa mmene anthu alili. Anaima patali manja ali m'chiuno, ena akupukusa mitu, n'kumanong'onezana kuti za m'banja salowerera. Wometa tsitsi anatuluka ndi lumo m'manja, kasitomala wake akumutsatira mutu utametedwa mbali imodzi. Palibe anasuntha phazi. Mayiyo anawayang'ana onsewo, anthu amene anawatsanulira madzi akumwa akubwera kudzajambulitsa, ndipo mtima unamuwawa kuposa mlomo.

Kenako mlamuyo anachita chinthu chimene sanachiganizire bwino. Anatenga sipanala yaikulu yomasulira matayala n'kuswa zenera lija. Galasi linangoti phwaa, zidutswa mbwee mpaka pamsewu. Anapisa dzanja n'kutulutsa mafelemu atatu aja, n'kuwaponya pamoto limodzi limodzi, wokonza njinga, mphunzitsi, kenako mkwatibwi.

Mphepo inauluza zithunzi zina zopsa m'mphepete n'kuzimwaza pamapazi a anthu. Mayi wina anawerama n'kutola chimodzi, ndipo anakuwa mokweza.

"Mayo ine! Awa ndi amuna anga!"

Wina anatola china. "Uyu ndi mchemwali wanga uyu!"

Basi, nkhani ya m'banja inathera pomwepo. Aliyense anali chowerama, kutola, kupukuta, kulira. Mkazi wa wokonza njinga anafika akuthamanga, mwana ali kumsana, n'kuyamba kukumba pamoto ndi ndodo. Ndipo gulu linagawanika pakati pamene wogulitsa nyama anatulukira, epuloni yake ili magazi okhaokha. Anafika nthawi imene galasi la felemu linali kuthetheka, diresi yoyera ikuda, nkhope ya mwana wake ikupindika ndi moto. Anapisa dzanja m'malawi osamva kutentha, koma chimene anatulutsa chinali chimango chokha.

Anachiyang'ana, n'kuyang'ana mlamuyo.

"Ndinamuika m'manda kamodzi," anatero motsitsa. "Iwe wandiikitsa kachiwiri."

Chibakera chake chinamupeza dalaivalayo pamphuno, ndipo chimunthu chonse chija chinagwa khu ngati thumba la simenti. Sipanala inagwera uko. Pamenepo anthu anamugwera ngati njuchi. Wina ndi phazi, wina ndi thabwa la felemu, amayi ndi nsapato zawo. Wometa uja anataya lumo n'kutola njerwa. Malaya anang'ambika, dzino linagwera m'fumbi, ndipo mawu aja a injini anasanduka kulira kwa kamwana.

"Ndikhululukireni! Alamu, ndithandizeni, andipha!"

"Muponyeni pamoto pomwepo!" anakuwa wina kumbuyo. "Dizilo watsalayo ali kuti?"

Tinene zoona, mayiyo sanadzuke msanga. Anakhala pasitepe akulavula magazi, ndipo mumtima mwake munali kamawu konena kuti asiyeni amalize. Ankamuda munthuyo, ankamuda ndi mtima wake wonse. Koma ataona mnyamata wina akunyamula chigubu chija, ndi njerwa ikukwera m'mwamba, miyendo inamunyamula yokha. Anadzipanikiza pakati pa anthu, chibakera chosokera chinamupeza paphewa, nsapato inamuponda chala, koma anafika. Anadzigwetsa pamwamba pa mlamu wakeyo n'kumuphimba mutu ndi manja.

"Basi! Ndati basi! Amene akufuna kumenya ayambe ndi ine!"

"Mayi, chokanipo," anatero wogulitsa nyama akupuma mwawefuwefu. "Taonani mmene wakuchitirani. Galu uyu ndi wofunika kufa."

"Afe kuti ine nditani naye? Maliro andikwana, bambo. Mwezi uno tanyamula anthu angati? Ndipo mukamupha, ndiye kuti nkhope yakeyi ndikaiike pazenera la mwamuna wanga, ndizikaipukuta m'mawa uliwonse? Ndakana! Muchotsereni manja."

Wina anaseka mosafuna, kuseka kwa misozi. Njerwa inatsika pang'onopang'ono. Mnyamata uja anaika chigubu pansi, ndipo anthu anabwerera m'mbuyo, ena akuyang'ana manja awo ngati si awo. Wogulitsa nyama anakhala pansi m'fumbi momwemo, chimango chija chili pamiyendo, n'kuyamba kulira mokweza, bambo wamkulu ndevu zili pepeya.

Amayi anabwera ndi zidebe n'kuthira pamoto. Ena analowa m'studiyo kudzera pamagalasi osweka kukaona zotsala. Makatoni ambiri anali akadali pashelefu. Mkazi wa wokonza njinga anavula mpango wake n'kumupukuta mnzake wamasiyeyo pakamwa.

Mlamuyo anadzuka movutika, diso limodzi litatsekeka, magazi akutsika m'mphuno. Anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi aja, koma anamupulumuka n'kugwa pansi. Sanayerekeze kuwatola. Koma pakamwa pa munthu wotere sipatsekeka msanga. Pofuna kuti achoke ndi kaulemu pang'ono, analankhula akuyang'ana kumbali.

"Khala nazo zinyalala zakozo. Ine ndikupita, sudzandionanso. Ungondipatsa chithunzi cha amayi anga, si cha iwe chimenecho."

Apongozi ake a mayiyo anali atamwalira dzinja lapitalo, m'manja mwake momwe, mwana wawo wamkuluyu ali paulendo kunja kwa dziko. Iye anafika anthu atabwerako kale kumanda. Gogoyo moyo wake wonse ankakana kujambulidwa, ankati kamera imamuchititsa manyazi. Anavomera kamodzi kokha, atadwala kale, ndipo anavomera chifukwa Mwetulirani anawauza kuti chithunzicho n'cha mwana wawo wa pamsewu uja, kuti akadzabwera adzawaone.

"Anavala diresi imene munawatumizira ija," anatero mayiyo, misozi ikutsika. "Anati ndikusungireni bwino, ndisachiike pamodzi ndi za anthu wamba. Ndiye ndinachiika m'katoni ya achibale, pashelefu yapamwamba, n'kumanga ndi riboni."

Bamboyo anayang'ana shelefu yapamwamba ija kudzera pazenera losweka.

"Ndinakugwirani malaya, alamu. Ndinati ndimvereni kaye."

"Filimu yake…" anatero bamboyo.

"Inali momwemo."

Dalaivalayo anatembenukira mulu wakuda umene unali kufuka nthunzi pakati pa bwalo. Anayenda modzandira, n'kugwada, n'kuyamba kufukula ndi manja ali osavala kanthu. Pansi pake phulusa linali likadali lamoto, zala zinayamba kutuwa ndi kusupuka, koma sanasiye. Chilichonse chimene ankatola chinkangofumbutuka m'manja mwake.

"Amayi," ankatero. "Amayi, ndabwera. Amayi!"

Palibe anamugwira, palibenso anamuseka. Mayiyo anawerama n'kutola makiyi ake m'fumbi. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi beseni la madzi ozizira, n'kuliika pambali pa mlamu wakeyo kuti akatopa aviikemo manja.