Kamtengo Kopanda Masamba

Lufina ankakhala ku Biriwiri, kumapiri kozizira. Anali ndi kamtengo kamodzi. Kanali kamtengo ka pichesi. Lufina ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti kamtengo kake kasafe.

Amene anabwera nako ndi bambo ake, a Fanizo. Anachokera nako ku Halale, kumene ankalima m'munda wa mzungu. Anakanyamula m'chitini ulendo wonse. M'mudzimo munalibe amene anaonapo mtengo wotere.

Mvula itayamba, a Fanizo anakabzala kuseri kwa nyumba. Kenaka anamanganso katundu wawo.

"Bambo, mukupitanso?" anafunsa Lufina.

"Ndikupitanso, mwana wanga. Uzikasamala kamtengoka."

Basi, anapita.

Dzinja lonse Lufina anakasamala. Anazula udzu. Anathira ndowe za ng'ombe. Mbuzi zinabwera, akuba aja! Lufina anamanga mpanda wa minga. Minga inamubaya, koma sanaleke.

Nthawi ya masika kunabwera chiswe. Lufina anawaza phulusa patsinde. Chiswe chinathawa. Kamtengo kanali kobiriwira bwino.

Koma uthenga wa bambo kunalibe. Anthu ena anabwerako ku Halale. Amayi a Lufina anawafunsa, "Kodi a Fanizo munawaona?" Onse anapukusa mitu.

Kenaka chinafika chisanu. Nkhungu inakuta mapiri. Masamba a kamtengo anachita chikasu. Tsamba lina linagwa. Lina linagwanso.

Lufina anathira madzi. Masamba anagwabe. Anaphimba nthaka ndi udzu wouma. Masamba anagwabe. Anathira madzi otsukira mbale, anawonjezera ndowe. Masamba anagwabe.

Tsiku lina kunalibe tsamba ngakhale limodzi. Mayo ine! Kamtengo kanangoti njo, ngati ndodo.

Pachitsime amayi ena anayamba kunong'onezana. Inu mukudziwa, pakamwa sipatopa.

"Mango ali ndi masamba. Gwafa ali ndi masamba," anatero wina. "Wauma ndi wa a Fanizo wokha."

"Mtengo ukauma chonchi, mwini wake sali bwino," anatero mnzake.

Amayi a Lufina anamva. Anasenza mtsuko mwakachetechete. Kuyambira tsiku limenelo analeka kuimba pamtondo. Analekanso kuseka.

Ana nawonso ankamuseka Lufina. "Mwana wa mtchona! Bambo ako sadzabweranso!" Lufina ankathawira kuseri kwa nyumba. Ankalira pafupi ndi kamtengo kake.

Koma m'mawa ankathirabe madzi. Chitsime chinali kutali, kutsika phiri. Mapazi ake anang'ambika ndi chisanu.

"Lufina, ukutaya madzi pa nkhuni," anatero amayi.

"Bambo anati ndizikasamala."

Amayi anatembenuka. Anapukuta maso ndi nsalu.

Mawa lake amayi anaitana mchimwene wawo, a Eliya.

"Achimwene, kaduleni kamtengo kaja," anatero. "Ndikakaona, mtima umandiwawa."

A Eliya anabwera ndi chikwanje. Anachotsa minga. Lufina anathamanga. Anakumbatira kamtengo ndi manja onse awiri.

"Amalume, musadule! Chonde musadule!"

"Choka, mwana wanga. Kanafa kalekale."

"Sindichoka."

A Eliya anamva chisoni. Anaika chikwanje pansi. Anagwada pafupi ndi Lufina.

"Taona," anatero. "Mtengo wouma suvuta. Ukaupinda umangoti thyo!"

Anagwira kanthambi. Anakapinda. Sikanathyoke. Anakapindanso. Sikanathyokebe. Khungwa lokha ndi limene linasupuka pang'ono.

Ha! M'kati munali mobiriwira. Munalinso monyowa.

A Eliya anayang'anitsitsa. Anakanda mutu.

"Koma abale! Kali moyo kameneka."

"Nanga masamba ali kuti?" anafunsa amayi.

"Kaya, achemwali. Ine zimenezi sindinazionepo. Koma chamoyo sindidula."

Anatola chikwanje chawo n'kumapita.

Lufina anabwezera minga. Anadikira. Masamba sanabwere. Anadikiranso. Masamba sanabwerebe. Amayi sankapita n'komwe kuseri kwa nyumba. Nayenso Lufina mtima unayamba kufooka. Masiku ena ankathira madzi misozi ili mbwembwembwe.

Chisanu chinayamba kutha. Kunabwera mphepo ya fumbi. Dzuwa linayamba kutentha.

M'mawa wina Lufina anapita ndi chipanda cha madzi. Anaima. Chipanda chinagwa pansi.

"Amayi! Amayi, bwerani!"

"Chiyaninso, Lufina?"

"Ingobwerani!"

Amayi anabwera pang'onopang'ono. Anayang'ana. Panthambi panali maluwa. Anali maluwa aang'ono, ofiirira. Tsamba panalibe, koma maluwa analipo. Njuchi inali itafika kale.

Amayi anagwira pakamwa.

"Mtengo wanji uwu?" anatero. "Maluwa kutsogola, masamba pambuyo?"

"Kanangogona, amayi. Kankaopa chisanu."

Amayi anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Analira. Kenaka anaseka. Lufina anali ataiwala kuseka kwa amayi ake.

"Ndiye kuti bambo ali moyo?" anafunsa Lufina.

Amayi anamukokera pamiyendo pawo.

"Sindikudziwa, mwana wanga," anatero. "Koma ndinafulumira kulira. Tiwadikira."

Anakhala choncho kanthawi, akuonerera njuchi. Kenaka amayi anadzuka. Anasansa fumbi pansalu. Anatenga mtsuko waukulu uja.

"Wataya madzi onse, iwe," anatero amayi. "Tola chipanda chako. Lero kuchitsime tipitira limodzi."