Mafuwa a m'Nyumba ya Fackson

Dzuwa linali litatsamira kumapiri a Thyolo pamene Lestina anagwada kukoleza moto woyamba m'nyumba yawo yatsopano. Nkhuni zinali zonyowa, koma moto unayaka msanga ngati unkamudikira. Mafuwa atatu anawapeza ali pomwepo, akuda bii, osalala ndi miphika ya mkazi wina.

Mwamuna wake, Elson Mulipa, anali pakhomo, akutsegula ndi kutseka chitseko cha matabwa uku akumwetulira yekha. Zaka zisanu ndi chimodzi anathyola tiyi ku esiteti, akugona m'malaini, m'chipinda chimene kapitawo akanatha kumutulutsamo tsiku lililonse. Mwana wawo woyamba anafera momwemo ndi chifuwa, Elson ali m'munda wa mzungu, ndipo anamva za malirowo ataweruka. Kuyambira tsikulo analumbira kuti Idah, mwana wawo wa zaka zinayi, adzakulira pakhomo pa bambo ake. Atamva kuti pachilumba cha Nakhwale, pakati pa mtsinje wa Ruo kumunsi kwa Changata, palibe thangata, ndipo munthu wina akugulitsa nyumba pamodzi ndi dimba la mpunga, anapereka mbuzi yake ndi bulangete osafunsa zambiri.

M'malaini munthu amalowa m'chipinda n'kuphika pa mafuwa amene wawapeza. Onse awiri ankadziwa choncho basi.

Chinangwa chitayamba kuwira, kunja kunamveka odi. Anali a Ester, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, akupuma mwawefuwefu, chikuni cha moto chili m'manja. Ataona utsi anaima chilili.

"Mwakoleza kale?"

"Eya amayi, mwana ali ndi njala," anayankha Lestina.

"Pa mafuwa ati?"

"Omwe tawapezawa."

A Ester anayang'ana Idah, amene anali akutafuna kale kachinangwa kosapsa bwino.

"Ndi yekhayu?"

"Yekha."

Mayiyo anazimitsa chikuni chake m'dothi n'kubwerera osatsanzika.

Pachilumbapo nyumba sinkagulidwa. Munthu akamasamuka ankagwetsa denga, mafuwa n'kuwabwezera mumtsinje. Wobwera ankakatola miyala yakeyake, ndipo moto woyamba ankapatsidwa ndi mnansi. Fackson Namakhwa, mwini nyumba uja, ndiye anali woyamba kusiya nyumba ili chiimire. Anawoloka masana omwewo ndi mkazi wake ndi mwana mmodzi, osacheuka, osatenga ngakhale mphasa.

Masiku oyamba anali okoma. Madzulo alionse Elson ankasalaza phulusa pambali pa moto n'kumalemba ndi chala zilembo zimene anaphunzira kusukulu ya madzulo ku mishoni. Idah anagwira chimodzi chokha, choyamba cha dzina lake, kamzere koongoka. Akachilemba ankawomba m'manja, bambo ake n'kumunyamula m'mwamba.

Koma m'nyumbamo munali fungo. Lestina anazira pansi kawiri, anafukiza masamba a bulugamu, koma silinachoke. Linali fungo la dothi lofiira longokumbidwa kumene, ndipo linkachokera pa mafuwa. M'bandakucha kuseri kwa nyumba kunkamveka mtondo, thi, thi, thi, mofooka, ngati wosinjayo musi ukumulemera. Akatuluka sankapeza munthu.

Kenako Elson anayamba kupeza dimba lake litalimidwa usiku, mizere yaifupi yokhotakhota. Anapita kudooko kukathokoza amuna a pachilumbapo.

"Achimwene, mwandichititsa manyazi. Ndani wandilimira?"

Amunawo anapitiriza kusoka maukonde awo. Mmodzi analavula m'madzi, wina ananyamuka n'kuchokapo.

Tsiku lina pakudya, Idah ananyema chinangwa chake patatu n'kuika kachidutswa pafuwa lililonse.

"Ukutaya chakudya bwanji iwe?" anafunsa mayi ake.

"Ndi za anzanga."

"Anzako ati?"

"Aja amakhala apa. Sayankhula, amayi. Alibe malilime." Anatafuna pang'ono n'kuwonjeza kuti, "Wamng'onoyo amalira, koma sizimveka."

M'mawa mwake zidutswa zija panalibe. Paphulusa panali timapazi ta ana atatu, topita kukhomo.

Mvula yoyamba itagwa, Idah anadwala. Sanatenthe thupi. Anayamba kuzizira kumapazi, ndipo mawu ake ankachepa tsiku ndi tsiku. Elson anamubereka kumsana, anawoloka naye mpaka kuchipatala cha mishoni, ulendo wa tsiku lathunthu. Anamupima, anamupatsa mankhwala owawa, koma matenda sanawapeze. Pobwerako Elson anapita molunjika kwa a Ester n'kukhala pansi pakhonde.

"Amayi, ndiuzeni. Ndagula chiyani?"

A Ester anakhala pansi pambali pake.

"Fackson anakhwimira mpunga. Mankhwala ake anawakwirira m'mafuwa aja. Mvula ikayamba, amatenga mwana wodya zophikidwa pamenepo. Ana ake atatu anapita, chaka ndi chaka. Tinawaika m'manda ndi manja athu, koma sanagone. Ndi amene akukulimirani."

"Ndiye munangotiyang'ana?"

"Ndinathamanga ndi chikuni, mwananga. Ndinachedwa. Mwana anali atadya kale." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Fackson anatsala ndi mwana mmodzi. Ndiye anafuna wa mnzake."

"Palibe njira?"

"Ilipo imodzi, yomwe anayenda iyeyo. Wina agule, aphikepo, mwana wake adye. Wanuyo adzuka."

Elson anabwerera kunyumba. Anazula mafuwa aja, anawakweza m'bwato, n'kukawaponya pamene Ruo ndi wakuya kwambiri. Kutacha anawapeza pamalo pake, akudontha madzi. Anafunsa za Fackson kutsidya konse, mpaka ku Khwethemule. Ena anati anamuona akukwera sitima, ena anati analowera kwa Apwitikizi. Palibe anadziwa.

Idah atasiya kuyankhula, pachilumbapo panafika alendo. Anali mnyamata wamkulu dzina lake Lackson ndi mkazi wake, othawa ntchito yokakamiza kwa Apwitikizi, mapazi atang'ambika. Kumsana kwa mkaziyo kunali khanda lonenepa lomwe linali litayamba kudya phala. Poona nyumba ya chitseko cha matabwa, Lackson anapereka moni m'Chilomwe.

"Tamva kudooko kuti mwina musamuka. Ndilibe zambiri, achimwene. Khasu ili ndi nkhuku."

Lestina anakokera mwamuna wake kuseri kwa chitseko.

"Bambo a Idah, landirani."

"Waona kumsana kwakeko?"

"Ndaona. Inu mwaona pamphasapa?"

Pamphasapo Idah anali atagona chagada, maso ali kwa bambo ake. Elson anatuluka. Anatambasula dzanja, ndipo Lackson anamuikira khasu lija. Linali lopepuka, lotha kumaso. Pomwepo khanda lija linasuzumira paphewa pa mayi ake n'kumuseka, timano tiwiri tili mbee.

Elson anayang'ana khasu lili m'manja mwake. Anakumbukira tsiku lomwe anaweruka ku esiteti n'kupeza akazi atakhala pakhomo pake. Kenako anabweza khasulo.

"Nyumbayi siyogulitsa. Malo alipo kumtunda uko. Mawa ndikuthandizani kudula mitengo. Mafuwa mukatole anuanu kumtsinje, moto akupatsani a Ester. Musadye kanthu pakhomo pano."

Alendowo anachoka odabwa. Lestina sanalire. Anakhala pansi pambali pa mwana wake n'kunena motsitsa mawu:

"Mwasankha mwana wa eni."

Masiku awiri otsatira Elson sanamutule Idah. Ankamufungatira pachifuwa, akumupaka mapazi kuti atenthe, akumuimbira nyimbo za kutchalitchi mpaka mawu anamuthera. Tsiku lachitatu dzuwa lili pamutu, mvula ikuwaza padenga, kadzanja komwe kanagwira malaya ake kanamasuka.

Atatha maliro Lestina anamanga katundu wake kubwerera kwawo. Padooko sanamuyang'ane Elson kumaso.

"Sindikudana nanu," anatero. "Koma ndikakuonani ndimaona khasu lija likubwerera."

Madzulo a tsiku lomwelo amuna a pachilumbapo anabwera ndi nkhwangwa kudzagwetsa nyumba ija kuti aitenthe. Elson anavomera. Anapempha kuti angolowa atenge mphasa. Fungo la dothi lofiira linamulandira pakhomo. Anawerama, ndipo maso ake anagwera paphulusa.

Timapazi tinali ta ana anayi. Pambali pake, pamene iye ankasalaza madzulo alionse, panali kamzere kamodzi koongoka, kolembedwa ndi kachala.

Anatuluka wopanda mphasa n'kutseka chitseko kumbuyo kwake.

"Musagwetse."

"Elson, umu mulibe wako," anatero mmodzi wa amunawo. "Wako tamuika kumanda."

"Mukatentha, akagona kuti? Mvula ikugwa."

Mmodzimmodzi ananyamula nkhwangwa zawo.

Elson anakhala m'nyumbamo yekha. Sanakwatirenso, ndipo mwana aliyense woyandikira pakhomo pake ankamubweza ali patali, ngakhale wa Lackson, amene anakula n'kumathamanga pachilumba ponse. Mpunga anasiya kudzala. Dimba lija analileka kuti limere bango, mtondo anauwaza nkhuni, kuti ana aja apume. Kuyambira pamenepo thi, thi, thi wa m'bandakucha sanamvekenso. Za Fackson sizinamveke mpaka lero.

Madzulo alionse ankaphika chinangwa, n'kunyema zidutswa zinayi, zitatu pa mafuwa, chimodzi pamwendo pake. Akatha ankasalaza phulusa, n'kulemba chilembo chachiwiri cha dzina la Idah pambali pa malo a kamzere kaja. M'mawa ankapeza kamzere kokha. Ankafafaniza n'kulembanso madzulo.

Mvula ya chaka chachitatu itagwa, a Ester anamva Elson akuitana m'mamawa.

"Amayi, tabwerani mudzaone."

Mayiyo anaima pakhomo, osalowa. Elson anali atagwada pa mafuwa, misozi ikutsikira m'ndevu, akuloza paphulusa. Zilembo zinali zinayi, zokhotakhota, chomaliza chitagwera m'mbali.

"Walemba lonse," anatero. "Mwana wanga walemba dzina lake lonse."