Zaka Ziwiri za ku Mulanje

Kunyumba kwa a Peterson ndi a Lestina ku Nchilamwela kunalibe chuma, koma bodza silinkagonako. A Lestina ankathyola tiyi pa esiteti ina kuti mwana wawo Tamanda aphunzire. Tamandayo anali pa koleji, ndipo m'munda wa tiyi anali asanapondemo. Ankati mame amawononga nsapato.

Esitetiyo italengeza kuti ikufuna kalaliki wa pa sikelo, Tamanda analemba CV, pepala lofotokoza maphunziro ndi luso la munthu. Inatuluka yaifupi: MSCE, chaka chimodzi cha koleji, ndi ulembi wa kwaya ya achinyamata.

"N'zochepa, mwanawe, koma n'zako," anatero bambo ake. "Pereka zomwezo."

Tamanda anapita nayo ku Boma kwa Crispin, wotayipa makalata.

"Sisi, iyi ndi CV kapena tikiti ya minibasi?" anaseka Crispin. "Kwaya? Kusikelo sakufuna woimba. Tiikepo kuti unathandizirapo kapitawo zaka ziwiri ku Mulanje. Ndani angapite kukafunsa?"

"Nanga akandigwira?"

"Mayi ako sukulu sanapite, koma amathyola. Iwe wa koleji tiyi angakukanike?"

Tamanda anavomera. Atawawerengera mayi ake pepalalo, a Lestina anagwira pakamwa.

"Ku Mulanje unapitako liti iwe? Fufuta zimenezo. Ine ndawauza kale akuluakulu kuti mwana wanga sanama."

"Amayi, izi simungazimve. Inu zanu ndi dengu."

Tamanda anakapereka pepalalo momwemo.

Tsiku la intaviyu, a Stambuli, oyang'anira minda, anawerenga CV ija n'kumwetulira. "Zaka ziwiri! Ndiye tisataye nthawi mu ofesi. Tiyeni kumunda."

Kumundako kunali gulu la amayi othyola, ndipo pakati pawo panali a Lestina.

"Tatithyolereniko dzanja limodzi, achemwali," a Stambuli anauza Tamanda.

Tamanda anagwira chitsamba n'kukolola ngati akukolola chisoso: masamba okhwima, timitengo, zonse. Amayi aja anaphulika nako kuseka. Ngakhale mwana wa pa esiteti amadziwa kuti tiyi amathyola masamba awiri ndi nsonga basi.

"Ku Mulanje tiyi amamwera nkhuni eti?" anakuwa mayi wina.

A Stambuli sanaseke. "A Lestina, mwana munkanena uja ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyo, bwana," anayankha, maso ali m'dengu.

"Ife timafuna wodziwa kulemba. Za tiyi tikanamuphunzitsa sabata imodzi. Koma wonama pa pepala adzanamanso pa sikelo, ndipo obedwa adzakhala amayi omwewa."

Tamanda anabwerera wapansi, manja akununkha utomoni. Atamudandaulira Crispin, iye anangoti, "Ine ndinatayipa chabe. Anasayina ndani?"

Nkhani inafika m'maesiteti oyandikana, ndipo makalata onse a Tamanda ofunsira ntchito sanayankhidwe. Koma chomwe chimamudya mtima n'china. Mayi ake, amene zaka khumi ndi zisanu palibe anawakayikirapo, tsopano m'mawa uliwonse amalandiridwa ndi mawu akuti, "Afika amake kapitawo wa ku Mulanje!" Iwo amangomangirira dengu n'kulowa mumzere.

Ana inu, pa CV lembani zimene manja anu anagwiradi, ngakhale zitakhala mizere itatu. Bodza mumalemba nokha, koma manyazi amasenza amene anakuberekani.