Kasefa ndi Mwano wa Asuweni

Mauthenga ochokera ku Dziko ankatsika m'mudzi wagalasi wa ku Mwezi ngati timbewu ta thonje. Makina ankawasandutsa timadontho towala, ndipo tinkayandama pamwamba pa mizere ya mbatata ya kachewere mpaka kalikonse katapeza mwini wake n'kumuyankhulira kukhutu. Koma timadonthoti tisanafike kwa munthu tinkayamba tadutsa mwa Kasefa.

Kasefa anali mlonda wa Bwalo la Kwathu, malo ochezera pamakina pomwe ankakumana anthu a ku Ntcheu, otsala kumudzi ndi amene anapita kukalima ku Mwezi. Analibe thupi, ndipo kunena zoona analibenso nzeru. Anthu anakana makina oganiza ngati munthu, ati angamve zinsinsi za m'mabanja. Kasefa ankangodziwa chikombole. Ukamuumbira chikombole cha mawu, uthenga uliwonse wokwana m'menemo ankaugwira n'kuuponya m'nkhokwe yotchedwa gaga.

Woumba zikombolezo anali Mwandida Chikaonda, mayi wa zaka makumi atatu, katswiri wa mipope ya madzi m'mudzi wagalasiwo, wokonda dongosolo mpaka kutopetsa anzake. Chaka chimenecho pa Bwalo panabuka mkangano wa malire a dimba lina ku Tsangano, anthu n'kutukwanana mlungu wathunthu ana akumva. Komiti ya Bwalo itamupempha kuti achitepo kanthu, sanachedwe.

"Kasefa, chikombole chatsopano," anatero atakhala pakati pa mipope yake. "Galu, nyani, fisi, mfiti. Uike kanyenyezi kutsogolo ndi kumbuyo kwa liwu lililonse."

Kanyenyezi kankatanthauza "chilichonse", kotero kuti chigalu, kanyani ndi afisi onse ankakwana m'chikombole chomwecho. Atayesa pa mauthenga akale, Kasefa anagwira mlimi wosalakwa amene ankadandaula kuti anyani amuthera chimanga. Mwandida anaseka, n'kuwonjezera kuti liwu loti "iwe" lizikhala pafupi, osatalikira mawu atatu. Atayesanso, mlimi uja anadutsa, otukwana onse n'kugwidwa.

"Ndikagwira, ndichenjeze wotumiza?" anafunsa Kasefa, monga ankafunsira nthawi zonse.

"Ayi. Ukamuuza apeza njira ina yotukwanira. Iye aziona ngati watumiza."

"Zipinda ziti?"

"Zonse."

Ndi liwu limodzilo anaphatikizamo ndi tizipinda ta mabanja. Bwalo linakhala zii. Anthu ankapatsana moni ngati ali pakhomo la tchalitchi, ndipo Mwandida ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Mayi ake a Mwandida, a Nankhoma, ankakhala ku Tsangano. Anali ndi msuweni wawo, a Kamtedza, mmodzi mwa alimi oyamba kupita ku Mwezi, amene ankakhala m'mudzi wina wagalasi kutali chakumwera. Madokotala anawaletsa kubwerera ku Dziko, ati mafupa awo anazolowera kupepuka. Tsono kwathu asuweni sapatsana ulemu. Amanyozana, ndipo mwano wawo ukakula ndiye kuti chibale chili bwino. M'mawa uliwonse a Kamtedza ankatumiza mawu m'kachipinda ka awiriwo.

"Nankhoma, nyani iwe, wadzukanso? Imfa ikukuopa eti?"

A Nankhoma ankayankha asanasukusule n'komwe. "Mfiti iwe, unathawira kumwamba poopa mwavi. Tsika tikuone!"

Mwandida ankazidziwa bwino zimenezi, anakula akuzimva. Koma tsiku loumba chikombole maganizo ake anali pa anthu a dimba aja basi.

Panapita masabata atatu. Tsiku lina masana uthenga unafika kuchokera kumwera woti a Kamtedza atisiya, mtima unaima ali m'munda. Mwandida anaimbira mayi ake. Nkhope yawo inaonekera mumpweya patsogolo pake, yowonda kuposa momwe anaisiyira.

"Wapita atandikwiyira, mwanawe," anatero a Nankhoma. "Masiku onsewa ndimamunyoza, iye chete. Ndiye dzana wanditumizira uwu. Tamvera."

Anamveka mawu a a Kamtedza, ofatsa ngati a mlendo. "Mayi Nankhoma, ngati ndinakulakwirani penapake, mundikhululukire."

"Wandimva? Akuti mayi! Akuti mundikhululukire! Chibadwire Kamtedza sananenepo inu kwa ine. Ndinamutukwana kawiri, osayankha. Basi ndinati ngati chisuweni chatha, chathe."

"Ndiye munawayankha kuti chiyani, amayi?"

"Ndinati zikomo bambo, palibe mlandu."

Mwandida anakumbukira Kasefa. Anawapempha kuti adikire, n'kutsegula gaga, nkhokwe imene anali asanasuzumiremo chiumbire chikombole chija. Munali mauthenga zikwizikwi akuwala mozilala. Anasankha a kachipinda ka mayi ake, ndipo anatuluka makumi anayi ndi atatu, ena a uku, ena a uko, motsatana tsiku ndi tsiku. Okalamba awiriwa ankaitanana m'mawa uliwonse, aliyense akuganiza kuti mnzake wamutaya. Mawu okhawo amene Kasefa analola kudutsa anali aulemu aja.

"Amayi," anatero Mwandida, "sanakukwiyireni. Ndine ndinatchinga. Ndinauza makina kuti azigwira mwano."

A Nankhoma anamufunsa kuti, "Iwe unawauza makinawo kuti Kamtedza ndi ndani wanga?"

"Sindinawauze."

"Tsegula ndimve."

Anatsegula. A Kamtedza anayamba ndi nthabwala zawo za masiku onse, zonena za mano a a Nankhoma ndi miyendo yawo, ndipo mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. Chapakati mawuwo anayamba kufupika. Uthenga womaliza unali wa tsiku limodzi asanatumize waulemu uja.

"Fisi iwe, tandiyankha. Adokotala akuti mtima wanga watopa. Ndikufuna undinyoze kaye ndisanapite."

Kuseka kunatha. Mwandida analira poyera, osabisa nkhope, chifukwa chisoni ndi manyazi zinamugwira pamodzi.

"Nanga anga aja anawamva?" anafunsa a Nankhoma.

"Ayi, amayi. Ngakhale umodzi."

"Akuika liti?"

"Mawa."

"Ukatenge mauthenga anga onse. Msuweni saikidwa mwaulemu ngati munthu wopanda abale."

M'mawa mwake Mwandida anakwera ngolo yamagetsi kupita kumwera. Manda a alimi anali kunja kwa galasi, pachigwa chotuwa chopanda mphepo, Dziko litapachikika pamwamba, labuluu, laling'ono moti ukanaliphimba ndi chala. Anthu anaima mozungulira dzenje atavala zovala zawo za mpweya. Kunjako mawu samveka, choncho nyimbo ndi mapemphero zinkadutsa pa wailesi za m'zipewa zawo. Abusa atamaliza, Mwandida anapempha mpata, n'kulumikiza mauthenga a mayi ake ku zipewa zonse.

"Mfiti iwe, wagona mpaka liti? Dzuka, mbatata zako zikuola!"

Anthu anadzidzimuka. Kenaka mayi wina wachikulire anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, mapewa akugwedezeka m'zovala zolemerazo, magalasi a zipewa akuchita nthunzi. Dothi limene ankaponya m'dzenje linkatsika pang'onopang'ono, ndipo mawu a a Nankhoma anapitiriza kutukwana, tsiku ndi tsiku, mpaka pa uthenga wa makumi awiri ndi umodzi, pomwe ananena motsitsa kuti, "Galu iwe, ndakusowa."

Atabwerera, komiti inamufunsa ngati makina analakwitsa. Mwandida anapukusa mutu. Kasefa anagwira liwu lililonse limene anauzidwa kugwira, koma panalibe amene anamuuza kuti kwathu ulemu nawonso umapha chibale.